Uta wa Mwala: Mafunso ndi Mayankho

Kodi uta wa mwala n'chiyani?

Ndi khomo kapena mlatho wamwala wopindika pamwamba ngati utawaleza, woti pansi pake mpata, kulemera kwake konse kukutsikira m'miyendo iwiri. Pachingelezi amati arch. M'kabuku kano tizingoti uta. Mauta ena anawamanga amisiri, ena anapangika okha m'matanthwe, ndipo chodabwitsa n'chakuti onse aima pa mfundo imodzi: mwala ukapanikizidwa umalimba kwambiri, koma ukakokedwa kapena kupindidwa suchedwa kuthyoka. N'chifukwa chake mmisiri pothira lintala pamwamba pa chitseko amaikamo zitsulo. Lintala ikalemedwa imafuna kupindikira pansi, mimba yake n'kumakokeka, ndiye chitsulo chimagwira ntchito imene mwala ndi simenti sizingathe. Uta suvutika ndi zimenezi, chifukwa mwala uliwonse umangokanikiza unzake mpaka pansi.

Mauta opangika okha amapezeka kuti?

Ali m'mayiko ambiri, koma malo amene anadzazana ndi Arches National Park, kufupi ndi tauni ya Moab m'chigawo cha Utah ku America. Kumeneko anawerenga mauta oposa 2,000, ndipo kuti bowo liwerengedwe liyenera kukhala pafupifupi mita imodzi kapena kuposa. Boma linayamba kuteteza malowa mu 1929, n'kuwakweza kukhala paki mu 1971. Wotchuka koposa ndi Delicate Arch, wotalika mamita 16, umene unaima wokha m'mphepete mwa thanthwe ngati buluku loyanikidwa, ndipo chithunzi chake chili pa manambala a galimoto za ku Utah. Landscape Arch ndiye wotambalala: pafupifupi mamita 90 kuchoka mwendo uwu kukafika winawo, pomwe pena pake ndi wopyapyala mamita awiri okha.

Kuno ku Africa tisadzichepetse. M'mapiri a Ennedi, m'chipululu cha Sahara ku Chad, muli Aloba, uta wamwala wamchenga wokwera pafupifupi mamita 120. Sudziwika chifukwa kukafikako ndi ulendo wa masiku angapo mumchenga.

Kodi si mphepo imene inaboola matanthwewa?

Ambiri amaganiza choncho akaona chipululu, koma mmisiri weniweni ndi madzi. Mphepo imangosesa zinyalala.

Nkhani ya ku Utah inayamba ndi mchere. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo nyanja inkalowa ndi kuphwa m'derali kambirimbiri, n'kusiya mchere wochindikala kwambiri. Kenako pamwamba pa mcherewo panaunjikana matope ndi mchenga, zimene pang'onopang'ono zinasanduka miyala. Mchere ukatsindiridwa ndi katundu wolemera chotero umayenda ngati phala, ndipo pamene unafufuma unakankha miyala yapamwamba n'kuing'amba ming'alu italiitali yondondozana. Madzi amvula analowa m'ming'alumo n'kumaikulitsa, mpaka thanthwe limodzi linasanduka makoma opyapyala oima moyandikana ngati mbale pathandala.

Tsono tengani khoma limodzi. Mwala wamchenga ndi timchenga tomatidwa ndi laimu wachilengedwe, ndipo umamwa madzi. Mwala wa kumeneko, umene amautcha Entrada, unakhala pamwamba pa mwala wina wadongo wosamwa madzi bwino. Madzi akatsika amaima pamalire a miyala iwiriyi n'kumasungunula laimu uja, mchenga n'kumayoyoka. Nyengo yachisanu madzi a m'ming'alu amaundana usiku, ndipo madzi akaundana amafufuma, n'kubenthula zibenthu. Mbali zonse ziwiri za khoma pamayamba mphako, mpaka tsiku lina mphakozo zimakumana, dzuwa n'kuwalira pakati. Mvula ya kumeneko siposa kwenikweni mamilimita 250 pachaka: yokwanira kusema, yosakwanira kugumula zonse msanga.

Nanga bwanji madziwo sadya ndi denga lomwe?

Funso ili ndiye fupa la nkhani. Mu 2014 Jiří Bruthans wa ku Charles University ku Prague ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anatenga zidutswa za mwala wamchenga wofewa kwambiri, woti ukauviika m'madzi umangomwazika. Chidutswa chopanda chochitsindira chinatha chonse. China anachisenzetsa katundu pamwamba n'kuchiviika: m'mbali munayoyoka ndithu, koma pamene chinkachepa, kulemera kuja kunkaunjikana pa kagawo kotsalako, timchenga n'kulumana zolimba, kuyoyoka n'kuleka. Chinatsala ndi kamzati. Ndiye kuti madzi amachotsa mwala wongokhala, wosasenza kanthu, n'kusiya mwala wa pamzere umene kulemera kumadutsa potsika pansi. Mzere umenewo ndi wopindika, ndipo ndi womwewo umene mmisiri amausakasaka pomanga.

Mmisiri amamanga bwanji uta woti usamugwere asanamalize?

Amayamba wakhoma chikombole chamatabwa chozungulira theka, n'kuchiimika pakati pa mizati iwiri. Miyala amaisema yotakata kumtunda, yopanikiza kumunsi. Amayala kuyambira mbali zonse ziwiri mofanana, kukwera mpaka patsale mpata wa mwala umodzi pamwamba penipeni. Akakhomera umenewo, amagwejemula chikombole pang'onopang'ono, miyala n'kutsamirana. Anthu amakonda kutamanda mwala wotsekerawo, komatu kuuchotsa wina uliwonse uta umagwa chimodzimodzi. Umangotchuka chifukwa chobwera pomaliza.

Vuto lenileni lili kumiyendo. Uta sukankha pansi pokha, umakankhanso kunja, usana ndi usiku. Mizati ikangosuntha pang'ono, pamwamba pamatseguka mng'alu. Mauta ambiri akale anagwa osati chifukwa choti miyala inaphwanyika, koma chifukwa choti maziko anatsetsereka.

Kodi Aroma ndiwo anayambitsa lusoli?

Ayi. Ku Mesopotamia ankamanga mauta anjerwa kalekale, ndipo ku Ashkelon kuli chipata chanjerwa zosaotcha cha m'ma 1850 BC. Aroma anangolitenga n'kuligwiritsa ntchito mopanda mantha. Onani Pont du Gard kumwera kwa France, umene unamangidwa m'zaka 100 zoyambirira za AD: mauta osanjikizana katatu, mamita 49 kuchoka pa mtsinje wa Gardon, ntchito yake kungoolotsa ngalande yamadzi yopita ku mzinda wa Nîmes. Ngalandeyo ndi ya makilomita 50, koma pamtunda wonsewo imatsika mamita osakwana 13. Miyala ya m'munsi, ina yolemera matani 6, anaiyala popanda chomatira. Mukayang'anitsitsa muona miyala ina yotuluka m'khoma ngati mano: pamenepo ndi pamene ankatsamiritsa matabwa pomanga, ndipo sanavutike n'kuisadza.

Makomo a uvuni wa njerwa aja nawonso ndi uta?

Amafanana nawo, koma ayi. Woyala uvuni amasuntha mzere uliwonse wa njerwa kulowa mkati pang'ono mpaka mbali ziwiri zikumane pamwamba pa ngalande yamoto. Njerwazo zagona chogona, sizikukanikizana cham'mbali. Chikuzigwira ndi kulemera kwa njerwa zapamwamba. Amaya a ku Central America ankafolera nyumba zawo zamiyala chonchi, ndipo n'chifukwa chake zipinda zawo zinali zopapatiza. Pa uvuni palibe cholakwika, poti khomolo likungofunika kulowa chikuni.

N'chifukwa chiyani mauta a m'matchalitchi ndi m'mizikiti ena ndi osongoka?

Uta wosongoka umatsitsa kulemera motsetsereka kwambiri, motero sukankha makoma ngati wozungulira theka, komanso mmisiri angathe kuukweza mmene akufunira osautambalitsa. Mzikiti wa Ibn Tulun ku Cairo, umene unatha mu 879, uli nawo mizeremizere, zaka zoposa 250 tchalitchi cha Saint-Denis kufupi ndi Paris chisanautchukitse ku Ulaya mu 1144. Robert Hooke wa ku England, m'zaka za m'ma 1670, ndiye anaonetsa mapindikidwe abwino koposa. Gwirani tcheni kunsonga zonse ziwiri chilendewere. Mmene chapindikiramo, mukachitembenuza chadodolido, ndiye uta umene mwala uliwonse ukungopanikizidwa basi. Antoni Gaudí ku Barcelona ankapachikadi zingwe zomangirira timatumba tolemera kuti apeze maonekedwe a tchalitchi.

Nanga ku Malawi kuno tingauone kuti?

Pitani ku St Michael and All Angels ku Blantyre, tchalitchi chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Wotsogolera ntchito, Mbusa David Clement Scott, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo amene ankayala njerwa anali anthu a komweko amene anaphunzirira ntchito pakhoma pomwepo. Njerwa anaumba ndi kuotcha pamalopo, m'zikombole zamitundumitundu. Imani pakhomo muyang'ane mmene njerwa zazungulirira pamwamba panu, iliyonse italoza pakati. Scott yemweyu ndiye analemba dikishonale ya Chimang'anja ya mu 1892.

Kodi mauta achilengedwe amagwa?

Onse adzagwa, poti madzi amene anawasema sanaweruke. Mu September 1991 chibenthu chotalika pafupifupi mamita 18 chinathothoka pansi pa Landscape Arch alendo akuona, ndipo kanjira kodutsa pansi pake n'kotseka mpaka lero. Azure Window wa pachilumba cha Gozo ku Malta, wa mwala walaimu, anamira m'nyanja pa namondwe wa pa 8 March 2017. Wall Arch, m'paki yomwe ija ya ku Utah, anagwa usiku wa pa 4 August 2008 popanda womuona. Oyenda m'mawa anangopeza zibuma zitatseka njira, miyendo iwiri itaima payokhapayokha.