Kuchoka kumunda kupita panyanja: malangizo kwa woyamba kuyenda pabwato

Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, mtedza utalowa m'matumba, anyamata ena a ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete amakwera minibasi kulowera ku Salima. Ena amakapikula usipa, ena amakagwira ganyu m'maboti a asodzi ku Senga Bay ndi madooko ena. Palibe cholakwika, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Vuto n'lakuti madzi amene ife akumtunda tikuwadziwa ndi a pachitsime cha kudimba, kapena a Bua akasefukira. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500, ndipo kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Komanso miyezi imene ntchito yakumunda imatimasula ndi yomweyo imene nyanjayi imalusa. Ngati chaka chino mukupita, tsatirani izi.

1. Yambani mwadziwa mphepo

Mlimi amawerenga mvula, wapanyanja amawerenga mphepo. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umakula kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Umatha kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo poti umatsata utali wa nyanja, mafunde ake amakula kwambiri. Mpoto umachokera kumpoto, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo umadzidzimutsa. Vuma ndi wakum'mawa, zambwe ndi wakumadzulo. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mwera pawailesi. Mvetserani madzulo alionse, kenako m'mawa muone zimene eni dooko akuchita. Mukapeza mabwato onse ali pamchenga, akuluakulu akusoka maukonde pansi pa mtengo, musafunsenso. Sitima ya Vipya inali yachitsulo, koma pa 30 Julayi 1946 inamira ndi namondwe kufupi ndi Chilumba, n'kupha anthu 145. Nanga bwato logoba pamtengo?

2. Phunzirani kusambira ndi kupalasa

Masiku oyamba musawathere pofuna ndalama. Pemphani wina akuphunzitseni kusambira pamalo osaya amene eni mudzi amasambapo. Pewani mabango ndi mathiriro a mitsinje, chifukwa ndiko kumakonda kukhala ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zofalitsa likodzo. Kenako gwirani nkhafi. Khalani pansi, ilowetseni yonse m'madzi, ndipo kokani ndi msana, osati ndi manja okha ngati mukugwira khasu lopalira. Ana apadooko adzakusekani bwato likamazungulira malo amodzi. Asiyeni aseke, safunsa anadya phula.

3. Liyendereni bwato musanakwere

Chitani monga muchitira pogula ng'ombe yapangolo. Bwato likadali pamtunda, gogodani matabwa ndi chibakera: lowola limalira mofooka. Yang'anani m'malumikiziro ngati anamata bwino, ndipo likalowa m'madzi dikirani pang'ono muone pamene pakuchucha. Musanyamuke popanda nkhafi yapadera, chingwe chachitali chokhala ndi nangula kapena mwala wolemera, tochi, madzi akumwa, ndi chigubu chodula pakamwa chokapira madzi. Chokapiracho chimangirireni ku bwato ndi kachingwe, chifukwa funde loyamba limayamba kuba chimenecho. Ngati pali jekete yoyandamitsa munthu, ivaleni musanakwere. Ngati palibe, tengani chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino. Foni ikulungeni m'majumbo awiri.

4. Pakirani ndi mutu

Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pakati. Bwato si njinga ya kabaza yoti mungosanjikiza matumba mpaka kumwamba. Mukaona kuti m'mphepete mwa bwato mwatsala pang'ono kukhudza madzi, tsikani, ngakhale mwalipira kale. Muli m'kati musaimirire chisawawa kapena kuthamangira mbali imodzi. Gambutsi, zikhoto zolemera ndi lamba wa ndalama wodzaza zitsulo zimakokera munthu pansi. Pomaliza uzani wina padooko kumene mukupita ndi nthawi yobwerera.

5. Thanga ligwireni ngati ng'ombe yosaphunzira

Thanga, ngakhale losokedwa ndi matumba a feteleza, limapulumutsa mapewa ndi ndalama za petulo. Koma ndi limenenso limagubuduza bwato. Mlongoti uumangirire zolimba. Chingwe chokokera thanga musachimange mfundo yakufa: chikulungeni kamodzi pathabwa, nsonga yake ikhale m'manja. Mphepo ikakankha mwamphamvu bwato n'kupendekeka, tayirirani chingwecho, thanga litaye mphepo, bwato liwongoke. Anthu akhale mbali imene mphepo ikuchokera. Mukaona madzi akuda patsogolo, mafunde atayamba kuchita thovu pamwamba, tsitsani thanga nthawi yomweyo mudakali ndi mpata. Woyamba kumene ayende motsata gombe, ndipo popita alowere kumene mphepo ikuchokera, kuti pobwerera atatopa imukankhire kwawo.

6. Namondwe akakupezani

Musalole funde kumenya bwato m'nthiti. Lozetsani mphuno ya bwato kumene mafunde akuchokera, mopendekera pang'ono. Mmodzi azikapa madzi osaleka, enawo azipalasa, ndipo wolamula akhale mmodzi. Madzi akamachuluka, tayani katundu. Nsomba zimagwidwanso, munthu sabwerera. Bwato likagubuduka, musalisiye n'kumasambira kulowera kumtunda, chifukwa panyanja gombe limaoneka pafupi pamene lili kutali. Bwato la mtengo kawirikawiri limayandamabe ngakhale litadzaza madzi, ndipo okufunani adzaliona msanga kuposa mutu wa munthu. Kakamirani pomwepo, muziitanana mayina.

7. Lemekezani malamulo a padooko

Mukafika, kadzionetseni kwa amfumu ndi komiti ya padooko ya BVC. Funsani maukonde oletsedwa, ndipo neti ya udzudzu musaiyese n'komwe. Asodzi a usipa amayenda usiku ndi nyali mwezi ukakhala kumdima, ndipo ukawala amapuma. Masiku amenewo ndi okonza bwato ndi kutumiza ndalama kumudzi, osati kuzithera kumowa. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Boma nalo limaletsa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane.

Nthawi imeneyo ikamayandikira, mitambo yayamba kusonkhana, mphezi zikung'anima kutsidya, mangani katundu wanu. Pamene nyanja ikutsekedwa, kwathu mizere ikudikira mbewu. Gulani feteleza ndi zimene mwapeza, musaiwale kathumba ka usipa ka amayi, mukafike mvula yobzalira isanagwe.