Nyani wa pa Njira ya ku Boiling Pot

Masukulu akatseka mu Epulo, nyumba zambiri za ku Dambwa, dera la mu Livingstone, zimadzaza ndi adzukulu ochokera ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Chipata. Ndi nyengo yomwenso Zambezi amakhala atadzaza, utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya n'kumaonekera m'tauni ya Livingstone, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10. Mwana akauona utsiwo sakupatsani mtendere mpaka mutapita naye.

Ambuya ena a ku Dambwa North analandira adzukulu awiri, mtsikana wamkuluko ndi kamnyamata ka giredi 3. Mayi awo anali atanenetsa pafoni kuti ana abwerere monga anapitira, ndipo ambuya anawasenza mawuwo tsiku lonse la ulendo.

Zinayambira m'takisi. Msewu wa ku mathithi umadutsa m'nkhalango yotetezedwa, mmene njovu zimaoloka nthawi zina, ndiye mnyamata anakakamira pawindo kuti mwina aziona. "Iwe, khala bwino!" Atalowa pageti anayamba kudumphadumpha. "Usathamange!" Anatola kamtengo. "Taya, kali ndi nyerere!"

Pa Knife-Edge Bridge m'pamene ambuya analakwitsa kwambiri. Mlathowu uli ndi zitsulo zogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo mu Epulo aliyense wodutsapo amanyowa chonyowa, ngakhale wovala renikoti yobwereka. Mnyamata anafuna kuvula yake kuti madzi am'menye bwino kumaso. "Udwala chimfine, ndikawauza chiyani amako?" Ine ndimati kunyowako n'kumene munthu amalipirira pageti. Madzi amagwa kuchokera pamwamba, pena mamita oposa 100, n'kubwereranso m'mwamba ngati mvula yochokera pansi, ndipo mwana wa ku Lusaka sadzaziona kwina zimenezi. Malaya akanauma asanafike n'komwe kunyumba.

Pofika masana, mnyamata anali atasiya kutembenuka akaitanidwa. Sanali wamwano. Anangoona kuti ambuya amakuwa chimodzimodzi pa nyerere, pa chimfine ndi pa phompho, ndiye anaganiza kuti palibe chachikulu pa zonsezo. Zoopsa zenizeni za pamalopa ndi zochepa ndipo n'zodziwika: miyala yoterera m'mphepete mwa phompho, madzi othamanga kumtunda kwa mathithi, ndi anyani. Agogo ochenjera amatchuliratu zimenezi asanatsike galimoto, zinazo n'kuwalekerera ana.

Kenako anatsetsereka njira yopita ku Boiling Pot, kumene madzi amazungulira akatuluka m'mpata wa mathithi. Ndi njira yotsika kwambiri, yovuta kwa munthu wa mawondo okalamba, choncho ambuya anatsalira m'mbuyo. Mnyamata anatsogola atanyamula pepala lapulasitiki la zitumbuwa, akuthamangira kukaona mlatho wa mu 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene alendo amadumphapo atamangidwa chingwe m'miyendo.

Anyani a pamenepa anazolowera anthu, ndipo amadziwa kuti pulasitiki ikamalira muli chakudya. Chinyani chachimuna chinatsika pamwala n'kugwira pepalalo. Ambuya anachiona ali patali.

"Mwanawe, taya! Taya pepalalo!"

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti mawu awo akhale ofunika kuwamvera msanga, koma anamveka ngati onse aja a m'mawa. Mnyamata anakoka zitumbuwa zake. Nyani anaonetsa mano, anam'kanda pamkono mpaka magazi, n'kuthawa ndi pepala lonse. Mlongo wake ndiye anam'manga ndi mpango wa ambuya.

Kuchipatala anatsuka bala ndi madzi ndi sopo kwa nthawi yaitali, n'kumuyambitsa jakisoni woteteza ku chiwewe, amene sabaya kamodzi kokha koma masiku angapo otalikirana. Tchuthi chotsalacho chinathera pamzere wa kuchipatala. Ulendo wa ku Livingstone Museum, kumene amasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone, unalephereka. Usiku wa tsiku la ngoziyo ambuya anaimba foni ku Lusaka, ndipo mayi a anawo anakwera basi ya m'mawa kudzawatenga. Tchuthi cha Ogasiti adzukuluwo anawatumiza kwa azakhali awo ku Kabwe.