Kusamalira Ana Patchuthi cha m'Nyengo Yachisanu

1, 2. (a) Kodi makolo ena ku Johannesburg anali ndi nkhaŵa yotani pa July 10, 2023? (b) Kodi nchifukwa ninji tchuthi cha pakati pa chaka chimavuta kuposa cha December?

MMAŴA wa pa July 10, 2023, chipale chofeŵa chinagwa mumzinda wa Johannesburg kwa nthaŵi yoyamba chiyambire 2012. Sukulu za boma zinali patchuthi, ndipo ana anathamangira panja kukachigwira ndi manja. Komabe, makolo amene analaŵirira kuntchito kukali mdima anali ndi nkhaŵa. Chaka chimenecho magetsi anali kuzimitsidwa pafupifupi tsiku lililonse. Kodi anawo akabwerera m'nyumba akunjenjemera, adzaotha chiyani? Ndipo kodi adzakoleza motowo ndani?

2 Mafunso ameneŵa amabuka chaka ndi chaka, chipale chigwe chisagwe. Johannesburg ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July udzu umayera ndi chisanu mbandakucha. Tchuthi cha milungu pafupifupi itatu chimafika panthaŵi yomweyi. Mu December mafakitale ambiri ndi makampani omanga amatseka, koma m'nyengo yachisanu atate ndi amayi amakhala pantchito. Ndiponso, mabanja ochokera ku Malaŵi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe kaŵirikaŵiri alibe agogo kapena azakhali pafupi oŵasiyira ana. Kodi makolo otero angachitenji?

Ngozi Yosaoneka Ndi Yosanunkha

3. Kodi mbaula ingaphe motani banja lathunthu popanda kutentha kanthu?

3 Aliyense amaopa laŵi la moto. Koma ngoŵerengeka amene amaopa makala amene asiya kufuka utsi nangotsala ofiira, ndipotu ameneŵa ndiwo achinyengo. Makala, malasha, palafini kapena gasi zikamayaka m'chipinda chotseka zimatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu ulibe fungo kapena maonekedwe. Ukaloŵa m'mapapu umakanirira m'mwazi mwamphamvu kuposa okosijeni kuŵirikiza nthaŵi zoposa 200, chotero thupi limabanika munthu akupuma ndithu. Poyamba mutu umaŵaŵa, ndiyeno pamadza chizungulire, mseru ndi tulo. Tulo timeneto ndito timapha, pakuti wogona sadziŵa kuti afunikira kutuluka. Ana aang'ono amapuma mofulumira kuposa akulu, motero amayamba ndiwo kufooka.

4. Kodi nchifukwa ninji kulongosola kuli bwino kuposa kungoletsa?

4 Nkosavuta kuuza mwana kuti, 'Usaloŵetse mbaula m'nyumba.' Koma talingalirani mtsikana wa zaka 12 amene mng'ono wake akulira ndi kuzizidwa, makolo ali kutali. Iye akuona kuti makalawo sakufukanso. Ngati chimene anamva ndi lamulo chabe, chifundo chidzampangitsa kuliswa. Ngati anauzidwa chifukwa chake, adzafunafuna njira ina: kumveka zovala ziŵiri kapena zitatu, kumfunda bulangete, kapena kukhala naye padzuŵa kuseri kwa khoma losafika mphepo. Chotero khalani pansi ndi ana anu tchuthi chisanayambe. Auzeni kuti onse m'nyumba akamva mutu nthaŵi imodzi, atsegule chitseko, atuluke, ndi kuitana munthu wamkulu. Pa foni ya m'manja, nambala yangozi ku South Africa ndi 112. Ndipo mawu anu adzakhala opanda mphamvu ngati inu eni mumagona ndi mbaula m'chipinda usiku umene kwazizira kopambana.

5. Tchulani zimene ana okulirapo ayenera kudziŵa ponena za palafini, kandulo, ndi zilonda zamoto.

5 Ngozi zina nzodziŵika. Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa amanyenga mwana waludzu. Ngati wamwa, musamsanzitse, pakuti palafiniyo angaloŵe m'mapapu. Thamangirani naye kuchipatala. Kandulo woimikidwa mumchenga m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu saagwa wamba. Ketulo ndi chingwe chake zikhale posafikira mwana wokwaŵa. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pachilondapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta, zimene ambiri a ife tinapakidwa paubwana, sizithandiza konse.

Woyamba Kubadwa Nayenso Ndi Mwana

6, 7. (a) Kodi ndi mtolo wotani umene kaŵirikaŵiri umagwera mwana wamkulu? (b) Kodi anansi angathandizane motani?

6 M'mabanja ambiri tchuthi chimatanthauza kuti mwana wamkulu, makamaka ngati ali mtsikana, amasanduka mayi. Kulera ang'ono ake sikolakwa. Ndimo mmene ambiri anaphunzirira kuphika ndi kuleza mtima. Koma kuthandiza nkosiyana ndi kusenza thayo lonse. Ngati khanda lapsa ali naye yekha, mtsikanayo angadziimbe mlandu kwa moyo wake wonse pachinthu chimene sichinali cha msinkhu wake. Kodi simungaphike nsima kapena mpunga mmamaŵa ndi kuukulunga bwino kuti asayatse sitovu masana? Kodi iye ali ndi maola akeake ocheza ndi anzake? Ndipo pamene mufika madzulo, kodi mawu anu oyamba amakhala othokoza, kapena ofunsa chifukwa chake mbale sizinatsukidwe?

7 Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'tauni, mmene anthu a zinenero zosiyana amakhala mpanda umodzi osadziŵana maina, mwambiwu sugwira ntchito wokha. Pamafunika wina woyamba kugogoda pakhomo la mnzake. Mayi wogwira ntchito usiku angayang'anire ana a mabanja aŵiri masana, mnzakeyo nkumubwezera pa Loŵeruka. Komabe, sankhani mosamala. Mwana ayenera kudziŵa khomo limene angagogode, ndiponso kuti ali ndi ufulu wa kukuuzani ngati munthu wamkulu aliyense, ngakhale wachibale, amchititsa mantha.

8. Kodi nchifukwa ninji chakudya chimatha msanga patchuthi?

8 Palinso nkhani ya mphika. Programu ya boma la South Africa yodyetsa ana kusukulu, imene inayamba mu 1994, imafikira ana oposa 9 miliyoni. Kufunika kwake kunaoneka mu July 2020, pamene khoti lalikulu la ku Pretoria linalamula boma kuyambiranso kupereka chakudyacho chitaimitsidwa chifukwa cha COVID-19. Koma patchuthi makhichini a sukulu kaŵirikaŵiri amatsekedwa, pamenenso kuzizira kumawonjezera njala. Kholo limene laiŵala zimenezi limadabwa ufa utatha mwezi uli pakati, ndipo lingakalipire ana monga ngati aba. Kuli kwanzeru kuŵerengeratu chakudya chamasana cha masiku onsewo, ndi kugula nyemba ndi ufa musanagule zina.

Madzulo Aatali

9. Kodi banja lingagwiritsire ntchito motani madzulo a m'nyengo yachisanu?

9 Chakumapeto kwa June, dzuŵa limaloŵa ku Johannesburg isanakwane 5:30, ndipo kuzizira kumasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi. Homuweki palibe, ndipo ana safunikira kulaŵira. Zoona, kholo limene laima tsiku lonse ndi kudikira minibasi pamzera limafuna kungogona, ndipo foni imatontholetsa ana mosavuta. Koma ana obadwira kuchilendo ambiri amamva Chicheŵa koma amayankha m'Chizulu, Chisutu kapena Chingelezi, ndipo madzulo ameneŵa ndiwo mpata wawo. Kazingani mtedza. Simbani za kumudzi, za mmene munali kuwotchera mbatata m'phulusa, za Kalulu ndi Fisi. Mukati "Padangokhala," mwina adzangokuyang'anani. Aphunzitseni kuyankha kuti "Tili tonse," ndipo bwerezani kufikira wamng'ono kwambiri atakhoza. Nthanoyo ikatha, tumani wamkulu, inu mukuona, kuti akatsimikizire kuti mbaula ili panja ndi kuti kandulo wazimitsidwa.