Mizu Nayo Imapuma: Kulima Ndiwo M'zidebe ndi M'matumba

Anthu ambiri okhala m'nyumba za lendi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chinsapo alibe dimba. Pakhomo pamangokhala khonde ndi kamalo koyanikapo zovala. Komabe chidebe chothyoka chogwirira, beseni long'aluka ndi thumba lakale la ufa zingathe kudyetsa banja mpiru, bonongwe, anyezi ndi tsabola. Ambiri amayesa ndithu. Mbewu zimamera bwino, koma pakapita masabata atatu masamba amachita chikasu n'kuyamba kufota. Mwini wake amati anagula mbewu yoipa, kapena amangoti alibe dzanja lolima. Nthawi zambiri vuto limakhala pansi, kumizu, kumene maso saona. Wofuna kulima m'chidebe ayambe wamvetsa mmene mizu imakhalira m'menemo, chifukwa ntchito zina zonse zimachokera pamenepa.

Mmera wa kumunda ukamva ludzu umatumiza mizu pansi kukasaka chinyezi, ndipo chakudya chikatha pamalo amodzi mizu imayanga kupita pena. Wa m'chidebe sungatero. Mizu yake ikafika pakhoma la chidebe imabwerera n'kumazungulira momwemo, choncho umadalira zokhazo zimene inu mwaikamo. Mizu imafuna madzi, chakudya ndi mpweya. Madzi ndi chakudya aliyense amazidziwa, koma mpweya ambiri amauiwala. Dothi labwino limakhala ndi timipata ting'onoting'ono momwe mumakhala mpweya, ndipo mizu imapuma mpweya umenewo usana ndi usiku. Madzi akadzaza timipata tonse kwa masiku angapo, mizu imabanika n'kuyamba kuwola. Muzu wowola sungamwe madzi, motero mmera umafota ngati uli ndi ludzu pamene wakhala m'thope. Mwini wake akaona kufotako amathira madzi ena, n'kuumaliza. Mukazula mmera wotere mudzaona nokha. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, pamene yobanika imakhala yoderako, yofewa ndi yonunkha.

Ntchito yoyamba ndi kuboola pansi pa chidebe. Tenthetsani msomali pamoto ndipo muboole mabowo 5 kapena 6, aakulu ngati kunenepa kwa pensulo. Kenaka khazikani chidebecho pa njerwa ziwiri kuti mabowo asatsekeke. Thumba la ufa limatulutsa lokha madzi, koma thumba kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo kapena oyilo wa galimoto musachigwiritse ntchito, ngakhale mutachitsuka chotani. Apa wina anganene kuti madzi timachita kugula pa mpopi, nanga kuboola chidebe si kutaya ndalama? Funsoli ndi lomveka. Koma madzi otuluka pansi ndi amene dothi lalephera kusunga, ndipo akakhala m'kati ndi omwewo amene amawoletsa mizu. Potuluka amakokanso mpweya watsopano kulowa m'dothi kuchokera pamwamba, komanso amatsuka mchere umene umaunjikana. Ngati madziwo akukupwetekani mtima, tcherani mbale pansi pa chidebe, muwakhe ndi kuthirira chidebe china. Mbaleyo isagone ndi madzi masiku, kuopa kuswetsa udzudzu.

Mabowo okha sakwanira ngati dothi lili logwirana. Ambiri amangokumba pabwalo n'kudzaza chidebe, poti dothi ndi laulere. Vuto ndi loti dothi la pabwalo ndi lopondedwa ndiponso lopanda chonde. Katondo ndi makande zikathiridwa madzi tsiku ndi tsiku m'chidebe zimasanduka phala, zikauma zimalimba ngati njerwa n'kusiya mpata m'mbali, ndipo madzi amangodutsa mumpatamo osafika ku mizu. Sakanizani miyeso 2 ya dothi lapamwamba lakuda, monga la pansi pa mtengo, muyeso umodzi wa manyowa owolerana ndi muyeso umodzi wa mchenga wa kumtsinje. Mchenga umatsegula timipata, pamene manyowa amasunga chinyezi ndi chakudya. Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani pang'ono ndi kufumbata m'dzanja. Dothi ligwirane, koma mukaligunda ndi chala liphwanyike. Mawu oti owolerana ndi ofunika kwambiri. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, pamene manyowa okhwima amakhala akuda, ozizira, onunkhira dothi, ndipo simungazindikirenso kuti anali ndowe kapena zinyalala.

Pa nkhani ya kuthirira palibe lamulo la masiku. Chidebe chimodzimodzi chingafune madzi m'mawa ndi madzulo mu Okutobala, koma mu Juni, nthawi ya chisanu, chingathe masiku awiri kapena atatu osathiridwa. Chala chanu ndicho chikuuzeni. Chilowetseni m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani. Mukamva kuuma, thirani pang'onopang'ono patsinde mpaka madzi ayambe kudontha pansi. Kuwaza timadzi pamwamba kumanyenga, chifukwa mizu imakwera kutsata chinyezi chapamwambacho ndipo dzuwa likawomba imapsa. Phimbirani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza kuti lisaume msanga. Madzi otsukira mpunga, nyemba kapena masamba ndi abwino, ndipo amachepetsa ogula. Madzi amchere, amafuta kapena ochapira zovala ndi sopo waufa musathire, chifukwa m'chidebe mulibe dothi lambiri loti n'kuchepetsa ukali wake.

Madzi otuluka aja amapita ndi chakudya china, ndipo ichi n'choona chimene sitingachibise. N'chifukwa chake mbewu za m'chidebe zimafuna kudyetsedwa kawirikawiri koma pang'onopang'ono. Masabata awiri kapena atatu alionse, thirani manyowa odzaza dzanja pamwamba pa dothi, motalikirako ndi tsinde. Ena amati feteleza wa kusitolo amagwira msanga. Amagwiradi, ndipo sitikumuletsa. Koma muyeso umene umakwanira phando la chimanga kumunda ungathe kupha mpiru wa m'beseni tsiku limodzi, chifukwa feteleza ndi mchere, ndipo akachuluka pamalo ochepa amayamwa madzi m'mizu. Komanso feteleza satsegula timipata ta mpweya tija. Amene ali naye athire wongotsina ndi zala, n'kutsatiza madzi.

Kukula kwa chidebe kutsatenso mizu. Bonongwe, luni, mpiru, repu ndi anyezi zimakula bwino m'dothi lakuya masentimita 20, choncho beseni likwanira. Tomato ndi mabilinganya ali ndi mizu yambiri, ndipo chidebe cha malita 20 chimayenera mtengo umodzi basi. Kupatulira kumawawa, makamaka mbewu zonse zikamera bwino, koma mimera khumi yolimbirana malo imabala zochepa kuposa itatu yomasuka, ndipo yozulidwayo mungathe kuiwokera pena kapena kuiphika. Zokometsera ndiwo ndi tiyi sizivuta. Tsabola wa kambuzi amakhala m'chidebe chimodzi kupitirira chaka. Adyo amamera kuchokera ku kachidutswa kamodzi, jinja ku kachigawo kokhala ndi diso, ndipo lemonigirasi mumangogawa phata. Minti mubzale payekha, chifukwa amayanga mpaka kutsamwitsa anzake. Tomato ndi tsabola zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo, pamene masamba amapirira kamthunzi. Ubwino wa chidebe ndi woti chimanyamulika. M'chilimwe chisunthireni pamene dzuwa la masana silifika, chifukwa pulasitiki yakuda ikatentha imaphika mizu yogundana nayo.

Chotsutsa chachikulu ndi chakuti zidebe zisanu sizingadyetse banja. Sizingalowe m'malo mwa munda, ndipo chimanga cha chaka chonse sichingatuluke m'beseni. Koma ndiwo zamasamba ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi azaumoyo amatiphunzitsa kudya tsiku lililonse, ndipo ndi zimene timagula pafupifupi tsiku ndi tsiku, mpukutu umodziumodzi. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe amathandiza maso ndi magazi, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Bonongwe amayamba kuthyoledwa pakangotha masabata 3 kapena 4. Repu ndi mpiru mukamathyola masamba akunja okha n'kusiya mtima, zimaphukabe kwa masabata ambiri. Mukamabzala chidebe chimodzi lero, china pakapita masabata awiri, ndiwo sizithera pamodzi. Ndipo poti mbewu zili pakhonde, nsabwe za m'masamba mumaziona zikangoyamba n'kuzifinya ndi zala, osafuna mankhwala.

Mukamaliza kukolola, khuthulani dothi lonse, chotsani mizu yakale, onjezani manyowa atsopano ndipo muone ngati mabowo sanatsekeke. M'dothi limene munali tomato musabzalemonso tomato, tsabola kapena mabilinganya, chifukwa ndi mbewu za banja limodzi ndipo matenda awo amatsalira m'dothi. Bzalanimo anyezi kapena mpiru.