Phunziro: Madzi a m'nyanja ali ndi eni ake ambiri

Asodzi anzathu, nyanja ya Malawi ndi nkhokwe ya madzi, ndipo chitseko chake ndi Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965. Madzi odutsa pamenepo amapopedwa pa Walker's Ferry kupita m'makomo ndi m'mafakitale a ku Blantyre, amapanga magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso amathirira nzimbe ku Nchalo.

Mizinda ikamakula imafuna gawo lalikulu la madziwa. Kodi ife zikutikhudza bwanji? M'chaka cha mvula yochepa, kutulutsa madzi ambiri kumaphwetsa m'mbali mwa Malombe, ndipo mabango obisalamo kasawala amatsala pamtunda. Kasawala akatha, chambo cha mawa chichokera kuti?

Logawa madzi ndi bungwe la National Water Resources Authority, potsata lamulo la 2013. Nsomba sizilankhula pamsonkhano, ozilankhulira ndife. Choncho BVC iliyonse:

1. Izike mtengo wolembapo mizere padooko.
2. Izilemba m'kaundula pamene madzi afika, sabata iliyonse.
3. Iletse kudula ndi kutentha mabango.

Kaundulayo muzitipatsa ife alangizi mwezi ukatha, kuti pokambirana zogawa madzi, usodzi ukhale ndi umboni.