PHUNZIRO: KUYENDA MWAKACHETECHETE PAKATI PA MITENGO

Cholinga: Kuthandiza ana kuti aphunzire kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo, kupenya ndi kumvetsera zolengedwa, kuti mitima yao ipumule ndiponso kuti akonde nkhalango za kwao.

Mau kwa Aphunzitsi

Musanakumane ndi ana, werengani Genesis 2:8-15 ndi Mateyu 6:25-30. Onani kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda wa mitengo, ndipo anapatsidwa udindo wousunga. Onaninso kuti Ambuye Yesu pophunzitsa za nkhawa anauza anthu kuti ayang'ane mbalame ndi maluwa.

Ana athu kuno ku Karonga nkhalango amaidziwa kale. Amapitako kukatola nkhuni, kukadyetsa ng'ombe, kukazula bowa m'dzinja, ndi kukatola masuku. Koma nthawi zonse amapita ali ndi ntchito, ndipo amabwerako mothamanga, mtolo uli pamutu. Mwana wotere angathe kudutsa pansi pa mtengo umodzi zaka zambiri osauyang'ana n'komwe. M'phunziro lino tifuna kuti apiteko chimanjamanja, opanda chikwanje kapena legeni.

Kumene Mwambowu Unachokera

M'chaka cha 1982 boma la Japan, kudzera mu nthambi yake yoona za nkhalango, linayamba kulimbikitsa anthu kuti aziyenda m'nkhalango mosafulumira. Mwambowu anautcha shinrin-yoku, ndiye kuti kusamba m'nkhalango. Sikuti munthu amasamba ndi madzi ai, koma amalola mthunzi, mpweya ndi fungo la mitengo kuti zimfike thupi lonse. Pambuyo pake madokotala, monga Qing Li wa ku Nippon Medical School mumzinda wa Tokyo, anapima anthu oyenda chotero. Anapeza kuti kwa ambiri kuthamanga kwa magazi kumatsika ndipo nkhawa zimachepa. Komabe muwauze ana momveka kuti uku sikulowa m'malo mwa chipatala. Wodwala malungo apite kukalandira mankhwala.

Kukonzekera

1. Sankhani malo apafupi ndi tchalitchi, amene ana angafikeko osatopa. Nkhalango ya mudzi, mitengo ya mango, kapena mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje n'zokwanira.

2. Pemphani chilolezo kwa makolo ndi kwa a mfumu. Ngati muli pafupi ndi nkhalango ya boma, monga ya Vinthukutu kufupi ndi Chilumba, yambani mwalankhula ndi alangizi a za nkhalango. Kumanda musalowe ndi ana. Malo a mbiri, monga phiri la Mbande kumene a Kyungu akale ankakhala, musapiteko popanda mau a eni ake.

3. Yendani nokha njirayo tsiku lisanafike, kuti muone ngati pali njuchi, chitedze, maenje kapena udzu wautali mobisala njoka.

4. Pitani m'mawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa la kunyanja kuno limaswa mtengo. Tengani madzi akumwa. Pakhale akulu awiri, wina patsogolo, wina pambuyo.

Kaphunzitsidwe

Mukafika pa mitengo yoyamba, imani. Auzeni ana kuti kuyambira pano palibe kulankhula, palibe kuthyola tsamba kapena kugenda mbalame. Yendani pang'onopang'ono monga anthu operekeza nkhalamba.

Pa malo oyamba ana atseke maso, apume mpweya mozama katatu, ndipo awerenge ndi zala mau amene akumva: njiwa, nyenje, mphepo m'masamba, madzi. Pa malo achiwiri agwire khungwa la mitengo iwiri yosiyana, anunkhize dothi ndi masamba ouma. Pa malo achitatu mwana aliyense asankhe mtengo wake, akhale pansi pake mphindi zisanu, nauyang'ane kuyambira ku mizu mpaka ku nsonga.

Ana ena adzaseka poyamba. Musawakalipire. Khalani chete inuyo, ndipo iwo adzatsatira. Ulendo wonse usapitirire mphindi 40.

Tsono akhale mozungulira, ndipo muwafunse zimene aona. Aloleni atchule maina a mitengo m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, monga amamvera kwa agogo ao. Mungathe kuwauza kuti mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira mu Ogasiti ndi Seputembala mvula isanagwe, ndi kuti maluwa a mlambe amatseguka usiku, ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu wake.

Tanthauzo Lake

Apa mpamene pagona phunziro. Mapiri a kumadzulo kwa boma lathu akutha mitengo chifukwa cha makala ndi nkhuni. Mizu ndiyo imagwira dothi, ndipo masamba ogwa pansi amachedwetsa madzi a mvula kuti alowe m'nthaka. Mitengo ikatha, madziwo amatsika ndi liwiro kupita ku North Rukuru, Lufilya ndi Songwe, nasefukira m'minda ya mpunga ndi m'nyumba za anthu. Kulalatira ana kuti asadule mitengo sikuthandiza kwenikweni. Koma mwana amene wakhala pansi pa mtengo, naudziwa dzina, napumula mumthunzi wake, adzayamba waganiza asanaukhape. M'mera mpoyamba.

Mafunso kwa Ana

1. Wamva mau angati maso ali chitsekere?
2. Mtima wako unali bwanji popita, nanga pobwera?
3. Ndi zamoyo ziti zimene zikadasowa pokhala mtengo wako ukadadulidwa?

Ntchito

Mwana aliyense akafunse kwa akulu dzina ndi ntchito ya mtengo wake, adzafotokoze Sabata yamawa. Nyengo yobzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, kalasi libzale mbande pa bwalo la tchalitchi, ndipo ana azithirira mosinthana.

Tsekani ndi pemphero lalifupi lothokoza, muli pomwepo pansi pa mitengo.