Phunziro la Aphunzitsi: Fuluwenza Ikagwa pa Ulendo wa Achinyamata



Sukulu zikatsekera, achinyamata a m'maparishi a ku Dowa ndi ku Ntchisi amamanga akatundu awo napita ku nthambi za kumapiri kukaphunzitsa katekisimu, kukazira matchalitchi, kukafolera nyumba za nkhalamba ndi kukatsogolera nyimbo. Ntchito imeneyi njokoma, ndipo sindifuna kuti wina aileke chifukwa cha zimene ndikulemba pano. Koma ulipo mlandu umodzi umene mphunzitsi ayenera kuuganizira asananyamuke, pakuti ukampeza ali kale kuphiri, usiku, ana akubuula, nzeru zimathawa.

Ku seminale anatizoloweza kuyamba ndi chitsanzo, tsono tiyerekeze motere. Mphunzitsi watenga anyamata ndi atsikana 30 kukayendera nthambi zinayi. Afika pa nthambi yoyamba. Anyamata agona m'chipinda chimodzi cha sukulu, atsikana m'china, ndipo poti chisanu cha m'mapiri a Ntchisi sichisewera ndi munthu, atseka mazenera onse nafunda bulangete limodzi awiriawiri. Tsiku lachiwiri mnyamata wina adzuka thupi lili moto, mutu ukuwawa, m'mafupa ngati wamenyedwa. Tsiku lachinayi odwala akwana asanu. Uko ku nthambi yachiwiri Akhristu asesa kale bwalo, nkhuku azimanga miyendo, akungoyang'ana kunjira. Kodi mphunzitsi achite chiyani? Apitirize ulendo, abalalitse ana kumakwawo, kapena aime pomwepo?

Ine nditi aime pomwepo. Koma kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe tadziwa mdani wathu.

M'chinenero chathu zonse timangoti chimfine, koma zilipo ziwiri. Chimfine wamba chimadza pang'onopang'ono, ndipo munthu amatha kulima nacho. Fuluwenza imagwa mwadzidzidzi ndi kugoneka pansi ngakhale mnyamata wamphamvu. Gwero lake ndi kachirombo kochepetsetsa kamene madotolo a ku London anakapeza mwa anthu m'chaka cha 1933. Kamayenda m'timadontho totuluka pamene wodwala atsokomola, ayetsemula, alankhula kapena kuimba, ndiponso pa manja ndi pa chikho chomwera anthu ambiri. Kakalowa m'thupi kamabisala tsiku limodzi mpaka masiku anayi, ndipo munthu angathe kuyamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini adzimve kudwala. Apa ndiye pagona nkhani. Mwa ana 25 amene akuoneka amoyo aja, ena anyamula kale nthendayo osadziwa.

Makolo a agogo athu anaona zimenezi ndi maso. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambirimbiri a dziko lino, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, anatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga. Kumapeto kwa 1918, nkhondo ikutha, pamene amunawo ankabwerera kwawo, mliri wa fuluwenza unalowa m'dziko nutsata misewu yomweyo imene anthu ankayendamo. Mishoni za Nambuma ndi Mpherere zinali zisanatsegulidwe, ndipo zipatala zinali zowerengeka. Munthu amene mudzi unamlandira ndi nthungululu ndiye nthawi zina anadza ndi maliro, iye wosalakwa konse. Pa dziko lonse lapansi akuti anafa anthu ngati 50 miliyoni, ndipo chodabwitsa cha mliri umenewo chinali chakuti unapha kwambiri anthu a msinkhu wa mphamvu. Ana sanawasiyenso. Francisco ndi Jacinta Marto, ana a ku Fatima aja amene Papa Francis anawalemba m'gulu la oyera pa 13 May 2017, anagwidwa ndi fuluwenza yomweyi. Francisco anamwalira pa 4 April 1919 ali ndi zaka 10, ndipo mlongo wake anamtsatira pa 20 February 1920 ali ndi zaka 9.

Chaka chomwecho cha 1918 chinatisiyira phunziro lina lochokera kutali, ku zilumba za Samoa m'nyanja ya Pacific. Pa 7 November sitima yotchedwa Talune inakocheza pa doko la Apia ili ndi odwala, ndipo akuluakulu analola anthu kutsika. M'miyezi iwiri yokha anafa anthu ngati 8,500, ndiye kuti mmodzi mwa asanu alionse. Zilumba zoyandikana nazo, zimene zinali m'manja mwa America, bwanamkubwa wake John Poyer anatseka doko, ndipo kumeneko sikunafe ndi mmodzi yemwe. Mankhwala analibe onse awiri. Anasiyana pa chinthu chimodzi: wina analola ulendo kupitirira, wina anauimitsa.

Tsono mphunzitsi amene apitiriza ulendo asandutsa gulu lake sitima ya Talune. Ndani adzalandira anawo ku nthambi yachiwiri? Ndi agogo amene adzawagwira chanza mmodzimmodzi, ndi amayi apakati amene adzawaphikira, ndi makanda amene atsikana adzawalanda kumsana kwa amawo kuti awanyamule. Amenewa ndiwo fuluwenza imawapweteka koposa. Kubalalitsa ana msangamsanga nakonso sikuthandiza, pakuti mwana aliyense adzakwera matola odzaza anthu nakafika m'mudzi mwake momwe mulinso agogo ndi makanda.

Ndikudziwa kuti wachinyamata wina wachangu adzaimirira nati: nanga Aloysius Gonzaga Woyera, nkhoswe yathu, suja anafa posamala odwala mliri ku Roma m'chaka cha 1591, ali ndi zaka 23 zokha? Funso limeneli musalinyoze, lichokera mu mtima wabwino. Koma muyankheni kuti Aloysius anapereka moyo wake wa iye mwini, ali munthu wamkulu, ndipo anachita zimenezi atapempha chilolezo kwa akulu ake. Iye anapita kwa odwala kukawasamala. Sananyamule nthenda kupita nayo kwa amoyo. Ana amene muli nawo, inu aphunzitsi, si anu. Mwabwereka kwa eni ake, ndipo mulibe mphamvu yopereka nsembe moyo wa mwana wa mwini kapena wa nkhalamba ya pa nthambi. Ndinene mosabisa: kawirikawiri chimene chimatikankha kupitiriza si changu cha Mulungu ayi, koma manyazi pa nkhuku zomangidwa zija ndi pa ndalama zimene makolo anasonkha. Ife ansembe nthenda ya manyazi imeneyi timaidziwa bwino.

Mukaima, ntchito ndiye yayamba. Tumizani mawu tsiku lomwelo kwa Bambo Mfumu, kwa makolo, kwa mlangizi wa zaumoyo wa deralo ndi kwa atsogoleri a nthambi zotsala. Odwala agone m'chipinda chaokha, mazenera otsegula ngakhale kuzizire, aliyense ndi chikho chake ndi chofunda chake. Awasamale akulu awiri okha, atavala zophimba pakamwa ndi pamphuno monga tinaphunzirira m'chaka cha 2020, ndi kusamba m'manja ndi sopo. Apatseni madzi ambiri, phala ndi mpumulo.

Chinthu chimodzi musachiiwale: kwathu kuno mwana aliyense wotentha thupi ayenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo, pakuti malungo ndi fuluwenza amayamba mofanana, ndipo diso la mphunzitsi silingawasiyanitse. Panado amatsitsa kutentha ngati mutsata muyeso wake. Asipirini musapatse mwana wosakwana zaka 16, chifukwa pa nthenda yotere angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo. Makapisozi ogula m'maokala saphanso kachirombo ka fuluwenza. Asiyireni a chipatala. Koma mwana akayamba kubanika kapena kupuma mofulumira, akamva kubaya m'nthiti, akakana kumwa, akayamba kubwebweta, kapena kutentha kukatha nkubweranso ndi chifuwa choopsa, chimenecho chingakhale chibayo. Musadikire kuti kuche. Pezani galimoto kapena njinga yamoto mupite naye ku chipatala chimene chili pafupi, kaya cha boma ku Ntchisi, ku Dowa ndi ku Mponela, kaya cha Mpingo ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga.

Lamulungu likakupezani muli chomwecho, mitima isavutike. Lamulo la Misa silimanga wodwala kapena womsamala. Amoyo apemphere Korona panja, motalikirana, osalowa m'tchalitchi cha eni mudzi. Wodwala asayende mpaka atatha usana ndi usiku thupi lili lozizira popanda mankhwala, ndipo pobwerera gulu lonse likwere galimoto imodzi yosaima m'njira.

Pa msonkhano wanu wa mwezi uno, mphunzitsi aliyense amene akukonza ulendo abwere atalemba papepala dzina la chipatala chapafupi ndi nthambi iliyonse, mtunda wake, ndi munthu wa galimoto amene angadzutsidwe usiku. Afunsenso makolo, mwamseri ndi mwaulemu, ngati mwana wawo ali ndi mphumu kapena amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mapepalawo akaperekedwe kwa Bambo Mfumu ana asanakwere galimoto.